Mbeta pa Wailesi: Mau, Cikwati ndi Ulemu wa Mkazi m'Boma la Lundazi

1. Mau Oyamba

Posacedwapa wophunzira wina wa digiri ya udokotala, amene akufufuza momwe mawailesi a m'Cigawo ca Kum'mawa amaonetsera akazi osakwatiwa, anabwera kwa ine ndi pepala la mafunso lolembedwa m'Cingerezi. Anafuna kuti ndimuthandize kuika m'Cinyanja mau awiri okha, akuti *single woman*, asananyamuke ulendo wa ku Lundazi. Ndinamuyankha mosacedwa kuti alembe "mbeta". Atatuluka ndinayamba kukaika yankho langalo, ndipo nkhani ino yabadwa m'cikaiko cimeneco.

Bvuto lake ndi ili. Wofufuza akafunsa mai wa m'mudzi wa kwa Mwase kuti, "Kodi ndinu mbeta?" sanafunse funso limene linali pa pepala la Cingerezi lija. Mwina wafunsa ngati maiyo angafunsiridwe, mwina wamunyoza, mwinanso wangomuseketsa cabe. Mayankho amene adzabwera nao ku yunivesite adzawerengedwa, adzaikidwa m'mizere, ndipo pambuyo pake adzasanduka umboni m'manja mwa mabungwe okonza mapulogalamu a pa wailesi. Colakwa ca liu limodzi cimayenda ulendo wautali cotere. M'nkhani ino tiona kumene funsoli linacokera, momwe Cinyanja cimagawira akazi m'magulu, ndi cimene cimacitika mau amenewa akakwera pa wailesi m'dera limene miyambo iwiri ya cikwati ikhalira pamodzi.

2. Kumene Funsoli Linacokera

Kafukufuku wa umbeta ndi zofalitsa nkhani anakula kwambiri ku Britain ndi ku America kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Inali nthawi ya buku la Helen Fielding lochedwa *Bridget Jones's Diary* (1996) ndi sewero la pa wailesi yakanema la *Sex and the City* (1998 mpaka 2004), momwe mkazi wa mumzinda, wa zaka zopitirira 30, wolandira malipiro ake, anasanduka mwininkhani. Bella DePaulo (2006) anaonetsa kuti anthu osakhala pabanja amasalidwa m'njira zimene anzao saziona ngati tsankho. Jill Reynolds (2008) anasanthula mau amene akazi otere amadzifotokozera nao, napeza kuti mkazi mmodzi yemweyo amatha kunena za umbeta wake ngati cosowa, kenaka m'mphindi yomweyo ngati ufulu. Anthea Taylor (2012) anafunsa ngati masewero otamanda mkazi wodziimira payekha sathera pomufunira mwamuna ndithu.

Citsanzo cimene cingatiphunzitse zambiri ife ndi ca ku China. Leta Hong Fincher, m'buku la *Leftover Women* (2014) locokera m'kafukufuku wake wa udokotala pa yunivesite ya Tsinghua, anaonetsa kuti kuyambira m'caka ca 2007 zofalitsa nkhani za boma zinafalitsa liu lonyoza akazi ophunzira amene apitirira zaka 27 asanakwatiwe, liu lotanthauza "otsalira". Mantha a dzina limenelo anacititsa akazi ambiri kuthamangira cikwati, n'kulola kuti nyumba imene anaikapo ndalama zao ilembedwe m'dzina la mwamuna yekha. Apa tiona kuti liu lofalitsidwa linakathera pa nkhani ya cuma.

Koma mabuku onsewa ali ndi mkazi mmodzi m'maganizo: wokhala yekha m'nyumba ya lendi, wosankha yekha, wofunsidwa ndi anzake a ku nchito kuti adzakwatiwa liti. Wophunzira wathu akanyamula mkazi ameneyu kupita naye ku Lundazi sadzamupeza, kupatula mwina pakati pa aphunzitsi ndi anamwino a pa boma.

3. Zakale za Kwathu Kuno

Sitiyenera kuganiza kuti kuda nkhawa ndi mkazi wopanda mwamuna kunabwera ndi wailesi yakanema. M'nthawi ya atsamunda, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1930, boma pamodzi ndi mafumu anayesa kuletsa akazi kupita ku migodi popanda cilolezo, ndipo akazi opezeka m'matauni opanda cikalata ca cikwati ankatha kubwezedwa kumudzi. George Chauncey (1981) ndi Jane Parpart analemba za zimenezi mwatsatanetsatane. Ufulu utabwera maganizowo anatsala. Ilsa Schuster, amene anafufuza ku Lusaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, anaonetsa m'buku la *New Women of Lusaka* (1979) momwe asungwana ophunzira, olembedwa nchito m'maofesi, ankadzudzulidwira m'manyuzipepala ndi m'zokamba za atsogoleri ngati oononga mwambo, pamene amuna oyenda nao sankachulidwa.

Milandu iwiri ya ku khoti lalikulu la Lusaka iyenera kukumbukiridwa pano. M'caka ca 1991 malemu Edith Nawakwi, amene pa nthawiyo anali mai wa ana wosakhala pabanja, anapambana mlandu wotsutsa lamulo la ofesi ya mapasipoti lakuti mai sangalembetse ana ake pa pasipoti popanda cilolezo ca atate ao. Khoti linagamula kuti nyumba yotsogozedwa ndi kholo limodzi, kaya mwamuna kaya mkazi, ndi banja lozindikirika m'Zambia. M'caka ca 1992 Sara Longwe anapambana mlandu wotsutsa hotela ya Intercontinental, imene inali ndi lamulo lakuti mkazi wosaperekezedwa ndi mwamuna asalowe m'cipinda comweramo. Cocititsa cidwi n'cakuti mai Longwe anali pabanja. Mlonda wa pakhomo sanafune cikalata. Anafuna kuona mwamuna ndi maso.

4. Mau Eni Ake

Tsopano tibwere ku nchito yathu ya cinenero. Tiyeni tiyambe ndi mneni.

(1) a. Mabvuto anakwatira Tisa.
b. Tisa anakwatiwa ndi Mabvuto.
c. *Tisa anakwatira Mabvuto.
d. Mabvuto ndi Tisa anakwatirana.

Ciganizo (1c) cilibe colakwa pa kamangidwe, koma munthu wa kumudzi sangacilandire pokhapokha ngati nthabwala yonyoza Mabvuto. Mkazi amalowa m'nkhani ya cikwati kudzera mu msintho wocitidwa: amafunsiridwa, amatomeredwa, amalowoledwa, amakwatiwa, amasiyidwa. Citumbuka naco cili ndi aneni awiri, *kutora* kwa mwamuna ndi *kutengwa* kwa mkazi, ndipo Cibemba cili ndi *ukuupa* ndi *ukuupwa*. Zotsatira zake n'zakuti mau akuti "wosakwatira" ndi "wosakwatiwa" salingana kulemera. Woyambayo sanacite kanthu. Waciwiriyo palibe amene wamucitira kanthu. M'khutu la womvera, mwamuna akucedwa, koma mkazi wasiyidwa. Komabe tisaiwale (1d). Msintho wocitirana ulipo, ndi Cinyanja cabwino, ndipo muulutsi amene ausiya wacita kusankha.

Dzina lakuti "mbeta" lili m'gulu la I-Zi: timati mbeta yafika, mbeta zija zapita. Ndawerengapo zolemba za ophunzira onena kuti ici ndi cizindikiro cakuti cinenero cimaika mkazi wosakwatiwa pamodzi ndi mbuzi ndi nkhuku. Mfundo imeneyi ndi yokopa koma ndi yolakwika. M'gulu lomwelo muli mfumu, nkhoswe, nkhalamba ndi nchembere, maina a anthu olemekezeka koposa m'mudzi. Cinyozo cikafuna kulowa cimadzera pa khomo lina, pa mphatikira *ci-* ndi *ka-*: cimkazi cosakwatiwa, kamtsikana ka pa boma. Wofufuza wochera khutu ayenera kulemba zimenezi, pakuti pa wailesi zimadutsa msanga ndipo zimabisala m'kuseka.

Nanga "mbeta" amatanthauzanji? Mwambi umati mbeta silola tsiku limodzi. Mbeta ya m'mwambiwu si munthu womvetsa cisoni ai. Ndi mkazi amene ali ndi mphamvu yokana, amene mwamuna ayenera kumubwerera kawiri katatu. Liuli limanena kuti pakhomo palibe mwamuna panopa ndipo njira ndi yotseguka. Likhoza kugwera namwali amene sanakwatiwepo, likhoza kugweranso nchembere ya ana anai imene cikwati cake cinatha, ngakhalenso mwamuna. Silinena za kusankha kukhala wekha moyo wonse, kumene kuli pamtima pa mabuku a ku Ulaya aja.

Cinyanja cimagawa akazi poyang'ana msinkhu ndi ubereki kuposa cikwati. Pali buthu, pali namwali, pali nchembere, pali nkhalamba. Mzere waukulu wadutsa pakati pa namwali ndi nchembere, ndipo woulemba ndi mwana. Mkazi amene wabereka amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, "amake Tisa", kapena kwa Atumbuka "anyina Tisa", ndipo ulemu umenewu sufunsa ngati atate a Tisa alipo. Momwemonso dzina la mfunda. Mkazi wa Cicewa ndi Nabanda kapena Naphiri, wa Citumbuka ndi Nyazimba kapena Nyanyirenda, kuyambira ubwana mpaka kumanda, akwatiwe asakwatiwe. Kusiyanitsa *Miss* ndi *Mrs*, ndi kupatsa mkazi dzina la mwamuna wake, kunabwera ndi mishoni, sukulu ndi ofesi. M'maganizo anga apa ndi pamene pali phindu lalikulu la kafukufukuyu: kaitanidwe ka makolo kankabisa zimene kaitanidwe ka m'ofesi kamaulula. Sindikuti kale kunali bwino m'zonse. Mkazi wosabereka anali pa moto woposa wa mbeta, ndipo mpaka lero ali pomwepo.

Pali gulu lina limene mabuku akunja alibe dzina lake. Kwa zaka zambiri amuna a ku Lundazi ankapita kukagwira nchito ku migodi, ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, ndipo ena anasanduka machona, osabwerera ndi osatumiza kalata. Akazi ao anali pabanja pa mwambo, koma ankalima okha, kulera okha ndi kuweruza za pakhomo okha. Pa pepala la mafunso mai wotere adzalemba kuti ndi wokwatiwa.

5. Miyambo Iwiri m'Dera Limodzi

Boma la Lundazi lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, m'malire ndi Malawi. M'caka ca 2018 linagawidwa, ndipo Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha. M'nkhani ino dzina la Lundazi likuimira dera lonse lakale, pakuti mafunde a wailesi salabadira malire atsopanowo. Anthu ambiri m'derali amalankhula Citumbuka, koma kulinso mafumu a Cicewa monga a Mwase, a Zumwanda ndi a Chikomeni.

Pa mwambo wa Acewa, umene J. P. Bruwer (1955) ndi M. G. Marwick (1965) anaufotokoza, mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi ngati mkamwini, ana ndi a mbumba ya mai, ndipo woyang'anira mkazi pa milandu ndi mlongo wake, nkhoswe. Cikwati cikatha wonyamula mphasa ndi mwamuna. Mkazi amatsala ndi nyumba, munda ndi ana, pakati pa abale ake. Kwa Atumbuka zinthu zinasintha Angoni a M'mbelwa atakhazikika pakati pao m'zaka za m'ma 1850. Malowolo a ng'ombe anazika mizu, mkazi anayamba kutengedwa kupita kwa mwamuna, ndipo ana anakhala a kucimuna. M'madera monga kwa a Magodi ndi kwa a Phikamalaza, mkazi amene cikwati cake catha amabwerera kwa atate ake kapena kwa alongo ake kukapempha polima, nthawi zina atasiya ana m'mbuyo.

N'zoona kuti lero mizere imeneyi siili yoongoka monga m'mabuku. Citengwa cafala pakati pa Acewa, mitundu yakwatirana, ndipo ndalama zalowa m'malo mwa ng'ombe. Koma kusiyanako kukadalipo mokwanira kuti tinene ici: mtengo wa umbeta suli umodzi m'dera lonse. Kwa mkazi wina kutha kwa cikwati ndi kusowa wolima naye. Kwa wina ndi kusowa munda weniweniwo. Akazi awiriwa amamvera pulogalamu imodzi pa ola limodzi. Mlangizi wa pa wailesi akanena kuti banja ndi kupirira, woyamba akhoza kuseka, koma waciwiri amamva cenjezo.

Tionjezepo za msinkhu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi ciwerengero ca anthu wa m'caka ca 2018 anapeza kuti akazi 29 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'Zambia anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo Cigawo ca Kum'mawa ndi cimodzi mwa zigawo zimene bvutoli ndi lalikulu. Kumene cikwati cimabwera msanga cotere, umbeta "wocedwa" umayambanso msanga. Lamulo lolola asungwana obereka kubwerera ku sukulu linayamba mu 1997, ndipo mu December 2023 lamulo la cikwati linasinthidwa kuti zaka 18 zikhale malire ngakhale pa cikwati ca mwambo. Malamulo awiriwa akubala mtundu watsopano wa mkazi m'midzi, wa zaka 19 kapena 22, mwina wa mwana mmodzi, wobvala yunifomu, wosakhala pabanja. Cinenero sicinamupezere dzina lokhazikika, ndipo amene akumuyesera maina tsiku ndi tsiku ndi aulutsi.

6. Mau Akakwera pa Wailesi

Wailesi ndi mlendo wakale m'dziko lino. Kuulutsa kunayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, ka mapaundi 5, kamene kanalowetsa mau a ku Lusaka m'nyumba za anthu wamba. Ofufuza awiri a udokotala anatitsegulira njira. Ernst Wendland (1979), pa yunivesite ya Wisconsin, anasanthula nthano za Julius Chongo za m'pulogalamu ya *Poceza m'Madzulo*, naonetsa kuti muulutsi waluso amatenga zida za mkambi wa nthano wa pabwalo n'kuziumba mwatsopano. Debra Spitulnik (1994), pa yunivesite ya Chicago, anatsata momwe mau a pa wailesi amatsikira m'misika ndi m'mabasi, anthu n'kumawabwereza pa nkhani zao. Mfundo yaciwiriyi ndi yofunika kwa ife. Dzina limene muulutsi wapatsa mkazi usiku, m'mawa limakhala lili pa cigayo.

Ku Lundazi kuli cinthu cina capadera. Zinenero zisanu ndi ziwiri za pa wailesi ya boma ya ZNBC ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Citumbuka palibe. Ku Malawi naco cinacotsedwa pa wailesi mu 1968, n'kubwezedwa mu 1994. Motero kwa zaka zambiri mkazi wa Citumbuka ankamva za cikwati ndi za ukazi m'cinenero ca mwambo wa cikamwini, pamene iye akukhala pa mwambo wa malowolo. Zinasintha pamene mawailesi a m'madera anatsegulidwa: Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata, ndi Radio Chikaya pa Lundazi pomwe, imene imaulutsa m'Citumbuka, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi. Lamya za m'manja zitafala, womvera anasanduka wolankhula.

Wofufuza amakopeka kuti ayambe ndi masewero ndi nyimbo, pakuti m'menemo mkazi wosakwatiwa amaoneka poyera, kawirikawiri ngati wolanda amuna a eni kapena ngati wophunzira wonyada amene adzalira pamapeto. Zimenezo zilembedwe ndithu. Koma ine ndikuona kuti umboni wolemera uli m'malo osayembekezeka: m'mapulogalamu a moni, m'mauthenga a maliro, ndi m'masekondi oyamba a lamya iliyonse, pamene muulutsi akufuna kudziwa amene akulankhula naye. Usiku wina, ndili ku cigawoko, ndinamvera pulogalamu ya zokambirana pa wailesi ina. Mai wina anaimba lamya, ndipo muulutsi anamulandira bwino: "Amai, muli bwanji? Ndinu amake ndani?" Maiyo anati alibe mwana. "Nanga abambo kunyumba alipo?" Anati sali pabanja, ndi mphunzitsi. Kuyambira pamenepo liu lakuti "amai" silinamvekenso. Linalowa lakuti "asisi", ndipo asanamalize mfundo yake muulutsi anali atamuti "iwe" kawiri. Palibe liu lacipongwe limene linanenedwa, ndipo ndikhulupirira kuti muulutsiyo sanadziwe cimene anacita. Amuna amene anaimba usiku womwewo sanafunsidwe za ana kapena za akazi ao. Onse anali "abambo" mpaka pomaliza.

Usiku umodzi si kafukufuku, koma ukutionetsa coyenera kuwerenga. Kusintha kwa "inu" kupita ku "iwe", kugwa kwa *a-* waulemu, funso limene limafunsidwa kwa akazi okha, nthawi imene woimba lamya amapatsidwa asanadulidwe: zonsezi zimatheka kujambulidwa, kulembedwa ndi kuwerengedwa, ndipo sizidalira kumasulira kwa liu la Cingerezi. Ndi nchito yotopetsa, ya maola ambiri a kumvera ndi kubwereza, koma wotsutsa sangaikane.

Wofufuza asaiwalenso kuti akazi a m'derali anali ndi njira zao zoulutsira madandaulo wailesi isanabwere. Nyimbo za pamtondo zinkamveka mudzi wonse, ndipo mwamuna wonenedwayo ankadzidziwa. M'gule wa vimbuza, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, odwala ambiri ndi akazi, ndipo Boston Soko anaonetsa kuti nyimbo zake zimanyamula zowawa za m'banja zimene sizinganenedwe pabwalo. M'nyimbo zoterezi cikwati sicioneka cokoma monga m'malangizo a pa wailesi, ndipo kubwerera kwanu sikuoneka ngati imfa. Popeza zigayo zalanda nchito ya mtondo, n'koyenera kufunsa kumene mau aja apita, ndiponso ngati lamya ya pa wailesi yawalandira kapena yawatsekera kunja. Pa mtondo mkazi ankaimba pakati pa anzake. Pa wailesi liu lake limazindikiridwa ndi apongozi ake.

Wophunzira uja atabweranso tinafafaniza funso lake loyamba n'kuikapo angapo. Mai akufunsidwa kumene akukhala ndi mwini mudziwo, amene anamupatsa munda umene akulima, amene amamuimira pa mlandu, ngati pakhomo pali mwamuna ndi kuti anamuona liti komaliza, ndi dzina limene anthu amamuitana nalo pa citsime, ku chalichi ndi ku cipatala. Mafunsowo tawakonza m'Cinyanja, ndipo mnzathu wina akuwaika m'Citumbuka kucokera ku Cinyanjaco, osadzeranso ku Cingerezi. Liu lakuti "mbeta" latsala pa malo amodzi okha, pa funso lomaliza, pamene maiyo akufunsidwa ngati anamvapo munthu akumuchula nalo, ndi kuti munthuyo anali ndani.